Zikomo Amene Anatsala Pang'ono Kundilanda Mwana

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse amene mumawerenga zomwe ndimalemba pano, a konkuno ku London, a kumudzi, ndi inu amene munamwazikira kumayiko ena. Ine ndine mayi ake a Tadala, wa ku Lewisham. Ambiri mumandidziwira pa zithunzi za kwaya, koma lero ndabwera ndi nkhani imene ndakhala ndikuisunga mumtima. Mwana wanga anafika zaka zisanu ndi zinayi asakutha kuwerenga, sukulu inakana kumuyeza kuti tidziwe chimene chikumuvuta, ndipo anatsala pang'ono kutumizidwa ku Malawi kukakhala kutali ndi ine. Ndalemba izi atandilola iye mwini komanso bambo ake.

Tadala anabadwira pachipatala cha konkuno. Ndi mwana wogwira zinthu ndi khutu. Nyimbo akaimva kamodzi, mawa lake mumupeza akuiimba yonse kubafa. Ku Sande sukulu ndiye anali katswiri wa mavesi. Ankaima kutsogolo kwa mpingo atatsegula buku, chala chikuyenda pamzere, mawu akutuluka osapunthwa ngakhale pang'ono. Amayi a mumpingo ankaimba nthungululu, ine pampando ndikufufuma ngati mandasi ochuluka yisiti. Sindinkadziwa kuti mavesiwo ankawaloweza pomvera mphunzitsi wawo akamawerenga.

Lamulungu lina ndinakhala mpando wakutsogolo, ndipo ndinaona chinthu chimene chinandiumitsa thupi. Vesi limene ankanena linali la chakumapeto kwa buku, koma iye anali atatsegula chakumayambiriro, chala chikuyenda bwinobwino pa mawu ena. Titafika kunyumba ndinatenga katoni ya phala la m'mawa n'kumupempha kuti andiwerengere zolembedwa kumbuyo kwake. Anayang'ana nthawi yaitali, anayesa kulota mawu awiri atatu, kenako misozi inayamba kutsika. Anandiuza m'Chingerezi, monga amayankhira ana athu kuno, kuti zilembo sizikhazikika pamalo amodzi, ndiponso kuti m'kalasi amangoonera kwa mnzake wokhala naye pafupi. Anandipempha kuti ndisawauze adadi ake.

Ndinapita kusukulu kwake kukapempha kuti mwanayo ayezedwe. Anandilandira bwino, sindinganame. Panali mphunzitsi wa kalasi yake ndi mayi wina amene amayang'anira ana ofunika thandizo lapadera pasukulupo. Anandipatsa mpando ndi tiyi. Anati Tadala ndi mwana waulemu, sasokoneza m'kalasi, ndipo kuchedwa kwake kuwerenga n'chifukwa choti kunyumba kwathu kumamveka zilankhulo ziwiri. Anati katswiri woyeza ana amabwera mwa apo ndi apo, ndipo pali ana ena ovutika kuposa iye. Mawu awo omaliza anali oti tidikire, tione. Ine ndinaimirira, ndinagwira chikwama changa ndi manja awiri, n'kunena m'Chingerezi kuti zikomo, zikomo kwambiri.

Inu a kwathu mukudziwa mmene timagwiritsira ntchito mawu amenewa. Timati zikomo popempha njira, zikomo tikaitanidwa, zikomo potsanzika. Ngakhale kuchipatala akatiuza kuti mankhwala atha, timati zikomo n'kutuluka mtima ukuwawa. Ine ndinaleredwa kuti mphunzitsi satsutsidwa pamaso, ndipo potuluka mu ofesi ya munthu wamkulu sutuluka ngati mbuzi. Ndiye teremu iliyonse ndinkabwererako, ndinkapempha, ankandikaniza mwaulemu, ine n'kuthokoza.

Nditaona kuti zoyezazo zakanika, ndinayamba kupempha zing'onozing'ono. Ndinati mwina azimupatsa nthawi yowonjezera polemba mayeso, asamamuimiritse mwadzidzidzi kuti awerenge pamaso pa anzake, azimuwerengera mafunso a masamu popeza masamuwo amawatha. Anandiyankha kuti zimenezo amachitira mwana amene ali ndi lipoti la katswiri. Ndiye kuti amuthandize pankafunika lipoti, koma kuti lipotilo lipezeke pankafunika iwo omwewo avomere kumuyeza. Ndinazungulira mmenemo mpaka mutu kuwawa. Kunyumba tinasiya kulankhula Chichewa, poganiza kuti mwina ndi chimene chikumusokoneza mwana. Ngakhale pemphero la chakudya tinayamba kupemphera m'Chingerezi, ndipo m'nyumba munazizira ngati mwa eni.

Tadala anayamba kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse wa tsiku la sukulu. Pa siteji ya basi ankandigwira dzanja mwamphamvu ngati kamwana. Anasiya kuimba kubafa, ndipo mavesi anawakana. Tsiku lina ndikumuluka tsitsi anandifunsa ngati Mulungu amalenga anthu ena opusa mwadala. Ndinamuyankha zolimbikitsa.

Bambo ake ndi munthu wa makompyuta, anaphunzira kuyunivesite konkuno. Sukulu anayambira pansi pa mtengo kumudzi kwawo, ndipo nkhani imeneyi m'nyumba mwathu tinaimva mpaka kuiloweza. Kwa iwo, mwana wokhala ndi tabuleti, magetsi ndi laibulale pafupi sangalephere kuwerenga pokhapokha ngati ndi waulesi. Anaimbira foni mlongo wawo amene amaphunzitsa pa sukulu yogonera konko ku Zomba, ndipo anagwirizana kuti chaka cha sukulu chikatha zinthu zisanasinthe, Tadala apite kumeneko akaongoke. Loweruka lina bambo akewo anabwera ndi sutikesi yatsopano kuchokera kumashopu a ku Lewisham n'kuiika pamwamba pa wadiropu. Musawaone ngati munthu wankhanza. Amamukonda mwana wawo, koma anali ndi mantha, ndipo njira imene ankaidziwa ndi imene inawathandiza iwowo.

Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Masiku amenewo ndinkadyetsa agogo a eni, kuwasambitsa, kuwaseketsa, kenako n'kukalowa m'chipinda chochapira zovala kukalira makina akulira. Ndinali nditasala kudya, nditapempherera mwanayo mpaka mawu kusasa, ndikuyembekeza kuti tsiku lina adzangodzuka akuwerenga. Sizinachitike. M'mawa uliwonse ndikatsegula maso, chinthu choyamba kuchiona chinali sutikesi ija. Tsiku lina m'chipinda chochapiramo ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse. Ndinati, "Ambuye, nzeru zandithera. Ngati simundichitira chozizwitsa, nditumizireni munthu."

Munthu amene ananditumizira sanali amene ndikanasankha ine. Mumpingo mwathu muli Mayi Zulu, a ku Zambia, mayi wa mawu aakulu amene akanong'ona mumawamva muli panja. Mwana wawo Joe ali ndi vuto lake lobadwa nalo, sapirira phokoso, ndipo amabwera kutchalitchi atavala zotseka m'makutu. Ine ndi Mayi Zulu tinkangopatsana moni basi, chifukwa ndinkawaona ngati munthu wokonda mikangano. Lamulungu lina tikutsuka makapu kukhitchini ya tchalitchi anandifunsa mosazungulira chifukwa chimene Tadala anasiyira mavesi. Kaya chinandigwira n'chiyani, ndinawauza zonse, ndi za sutikesi zomwe.

Anaika kapu pansi n'kundiyang'ana. "Manje pamene banakana, imwe munakamba chani?"

"Ndinati zikomo."

"Zikomo ya chani? Banakupasani chani? Mama, kuno zikomo yanu ni signature. Mukakamba thank you, beve balemba ati mum is happy, nkhani yasila."

Ndinaseka, koma ndinamva zimene ankatanthauza, kuti zikomo wanga ankamutenga ngati ndasainira kuti ndakhutira ndipo nkhani yatha. Mayi Zulu anapukuta manja n'kundikhazika pansi. Anandiuza chinthu chimene palibe anandiuzapo kusukulu kuja, chakuti sukulu si khomo lomaliza. Kholo lili ndi ufulu wolembera lokha khansolo, boma la dera lathu, osadzera kwa mphunzitsi aliyense, kupempha kuti mwana ayezedwe zosowa zake pa maphunziro. Lamulo limati khansolo iyankhe pasanathe masabata asanu ndi limodzi. Ikakana, pali khoti lapadera loona nkhani za ana oterewa, kumene kholo limachita apilo popanda kulipira, ndipo sikuti mpaka ukhale ndi loya. Anatinso zing'onozing'ono zija ndinkapempha siziyenera kudikira lipoti, chifukwa lamulo loletsa tsankho limafuna kuti sukulu isinthe zimene ingathe pofuna kuti mwana wa vuto lotere asatsalire. Iwo anali atadutsa njira yonseyi chifukwa cha Joe.

Sabata yomweyo anandiperekeza ku ofesi yopereka uphungu waulere kwa makolo, imene imapezeka m'dera la khansolo iliyonse. Kumeneko anandithandiza kulemba pempho langa. Ndinasonkhanitsa makope a Tadala, ndinamujambula mawu pa foni akuyesa kuwerenga kabuku ka ana aang'ono kwa iye, ndipo ndinalembera mphunzitsi wamkulu ndi komiti yoyang'anira sukulu kubwereza zopempha zanga zija. Mayi Zulu anandilangiza kuti ndisiye zokambirana pageti, chilichonse chizipita pa imelo.

Yankho la khansolo litabwera, linali lokana. Anati malinga ndi zimene sukulu yanena, mwanayo akupita patsogolo ndipo makolo ake ndi okhutira. Bambo ake anawerenga n'kunena kuti, "Waona? Ngakhale boma likuti alibe vuto." Madzulo ake ndinawapeza akuyang'ana mitengo ya ndege. Apa ndiye ndinafookeratu, abale anga, ndinaona ngati Mulungu wanditsegulira khomo n'kulitsekanso ndili pakati. Ndinaimbira Mayi Zulu ndikulira, koma iwo anangoseka n'kunena kuti kukana koyamba ndi moni chabe, nkhani sinayambe.

Musanachite apilo, lamulo limafuna kuti muyambe mwalankhula ndi amkhalapakati. Mukhoza kungotenga chikalata chawo n'kupitirira kukhoti, kapena kuvomera kuti akukhazikeni pansi ndi a khansolo. Ine ndinasankha kukhala pansi, ndipo ndinachonderera bambo a Tadala kuti apemphe kuntchito tipite limodzi. Anabwera, koma nkhope ili yoti akungondiperekeza.

M'chipindamo munali mkhalapakati, bambo wina wa kukhansolo, ndi mayi uja woyang'anira ana ofunika thandizo lapadera. Bambo wa kukhansolo anayamba kuwerenga zimene sukulu inkalemba pambuyo pa mitingi iliyonse imene ndinapitako. Paliponse mawu omaliza anali ofanana, akuti mayi a mwana anathokoza aphunzitsi ndipo anakondwa ndi dongosololi. Anawerenga kamodzi, kawiri, mpaka ndinaleka kumvetsera. Zinali monga ananenera Mayi Zulu. Kenako mkhalapakati anatembenukira kwa ine n'kundifunsa ngati zinalidi choncho.

Mukhoza kuseka, koma pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti inde, zikomo. Chizolowezi ndi chinthu champhamvu. Ndinatseka maso pang'ono n'kupempha Ambuye kuti agwire lilime langa. Kenako ndinalankhula, m'Chingerezi changa chomwechi cha kuntchito. Ndinati, "Kwathu zikomo si kuvomera. Timathokoza ngakhale munthu amene watikaniza, chifukwa watipatsa nthawi yake. Ine ndinkathokoza mpando ndi tiyi. Pa za mwana wanga sindinakhutirepo tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo ndikupempha kuti lero mulembe zimenezo."

Ndinapitiriza kuti Tadala anabadwira konkuno, amasewera m'Chingerezi, amakangana ndi anzake m'Chingerezi, ndipo ife tinasiya Chichewa m'nyumba kalekale koma palibe chinasintha. Ndinapempha kuti amvere mawu aja ndinajambula pa foni. Anavomera. Munamveka kamawu ka mwana wanga kakulimbana ndi liwu limodzi lalifupi, kakuyamba, kuima, kuyambanso, kenako kupuma mwamphamvu ngati munthu wonyamula katundu. Ndinayang'ana bambo ake. Kunyumba akamamuwerengetsa ankamudula msanga ndi ukali, ndiye aka kanali koyamba kumumvetsera mpaka kumapeto. Anali atazyolika, akuyang'ana manja awo.

Mayi wa kusukulu uja, Mulungu amudalitse, ananena zoona. Anavomera kuti anaonapo Tadala akuonera kwa mnzake, ndipo anati popeza mwanayo ndi wofatsa ndipo ine sindinkaoneka wodandaula, ankaika patsogolo ana ena. Koma bambo wa kukhansolo anati sangasinthe chigamulo tsiku lomwelo, akakambirana kaye ndi anzake. Potuluka ndinawagwira chanza onse n'kunena kuti, "Ndamva, koma sindikuvomereza." Ndinatuluka osathokoza.

Ndinatenga chikalata cha amkhalapakati n'kutumiza apilo yanga kukhoti lija. Tinadikira. Chaka cha sukulu chinkapita kumapeto, sutikesi ili pomwe paja, ndipo mlongo wawo wa ku Zomba anali atayamba kufunsa saizi ya yunifolomu. Amayi a chigwirizano ankandipempherera, Mayi Zulu akundiimbira pafupipafupi kundikumbutsa kuti ndisaphonye tsiku lotumiza mapepala. Ndiye masana ena ndili pa buleki kuntchito, foni inalira. Inali imelo ya khansolo. Anati aunikanso nkhaniyo, sapitiriza kutsutsa apilo yanga, ndipo avomera kumuyeza Tadala. Ndinalowa m'chipinda chochapira chomwe chija n'kugwada pansi pakati pa mabasiketi a zovala.

Katswiri wa kaphunziridwe ka ana anakhala ndi Tadala, anamuona m'kalasi, analankhulanso ndi ife. Lipoti lake linati mwanayo ali ndi disilekisiya, vuto limene limachititsa kuti ubongo uzivutika kulumikiza zilembo ndi kamvekedwe kake. Linati si ulesi, si kupusa, ndiponso si chifukwa cha zilankhulo ziwiri. Linatinso pa kuganiza ndi kukumbukira zimene wamva, Tadala ali patsogolo, n'chifukwa chake anatha kubisa vutoli nthawi yaitali chonchi. Bambo ake anawerenga lipotilo patebulo, anafika kumapeto n'kuyambiranso. Kenako anadzuka, analowa kuchipinda, ndipo ndinamva sutikesi ikutsitsidwa. Anamuitana Tadala, anagwada kuti alingane naye msinkhu, n'kumuuza m'Chichewa kuti, "Pepa mwana wanga, sindinadziwe. Supita kulikonse." Chichewa chinabwerera m'nyumba mwathu tsiku limenelo, ndipo sutikesi ija pano timasungiramo mabulangete.

Zinatenganso miyezi kuti khansolo ilembe pulani ya thandizo lake, imene sukulu iyenera kuitsatira mwalamulo. Pano Tadala ali ndi mphunzitsi amene amakhala naye payekha kumuphunzitsa zilembo mwa njira yomuyenera, ali ndi nthawi yowonjezera pa mayeso, ndi kompyuta imene imamuwerengera mafunso. Samuimiritsanso mwadzidzidzi. Za m'mimba zija zinatha zokha. Sindikunena kuti vutolo linachoka, ayi, adzakhala nalo, koma tsopano akudziwa dzina lake ndipo sadzitchulanso wopusa.

Kholo linzanga, iwe amene uli pa njira imeneyi, ine si loya, ndipo nkhani ya mwana aliyense ndi yakeyake, choncho pita ukafunse uphungu ku maofesi aulere aja. Koma dziwa kuti sukulu ikakana, ukhoza kulembera khansolo wekha, ndipo khansolo ikakana, khoti lilipo. Kalata yokukana imanena nthawi imene uli nayo yochitira apilo, usaiike pansi pa pilo n'kumangolira. Ulemu wathu ndi wabwino, usautaye, koma ukakhala kuti sunakhutire unene, ndipo ulembe. Pemphera ndithu, ndipo Mulungu akakutumizira munthu, usayambe wayang'ana ngati ndi amene umamukonda.

Mwezi wathawu Tadala anapempha yekha kuti awerenge vesi mumpingo. Mphunzitsi wa Sande sukulu anafuna kumupatsiratu kuti akaloweze kunyumba, koma iye anakana, anati amupatse m'mawa womwewo. Anaima kutsogolo, anatsegula buku, ndipo ine ndinasuzumira tsambalo. Linali lolondola. Anayamba pang'onopang'ono, chala chili pansi pa liwu lililonse. Anapunthwa, anabwerera, pena anaima nthawi yaitali mpaka mayi wina anafuna kumunong'oneza, koma Mayi Zulu anamugwira mkono. Mpingo wonse unadikira. Vesi limene kale akanalinena mosapuma linamutengera nthawi, ndipo atafika kumapeto anakweza maso kufunafuna adadi ake. Anawapeza ataimirira okha pakati pa anthu okhala pansi, misozi ili m'masaya.

Mayi Zulu, Ambuye akukumbukireni pamodzi ndi Joe. Amayi a chigwirizano, mapemphero anu sanagwe pansi. Inu amene mukudikirabe yankho, musafooke, amene anandimva ine m'chipinda chochapira zovala akumvani inunso. Zikomo wanga ndinamumwaza m'maofesi ambiri kumene sanandipatse kanthu. Wa lero ndikudziwa chimene ndikuthokozera, pakuti mwana wanga ali m'nyumba muno, ndipo pamene ndikulemba izi ndikumumva akuimba kubafa. Zikomo Ambuye.